Mphete ya golide ndi matiresi: kodi inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba ndi yaphindu?

Anthu ambiri akamva za inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba amati imeneyo ndi nkhani ya mabwana a ku Namiwawa ndi ku Area 10, anthu a mphete za dayamondi ndi mawotchi a mtengo wa galimoto. Ine sindigwirizana nawo. Munthu wachuma nyumba ikamupsera amadandaula ndithu, koma pakatha mwezi mipando ina imakhala italowa kale. Amene amagwa osadzuka msanga ndi mphunzitsi, namwino, kalaliki wa m'boma, munthu amene anasonkhanitsa katundu wake pang'onopang'ono kwa zaka zambiri: filiji ya ngongole ya ku SACCO, mipando ya chipereganyu, mapoto ndi mbale zimene analandira paukwati. Palinso china chimene ambiri sachidziwa mpaka tsiku la tsoka. Mphete, ndolo ndi mikanda ya golide, zimene timaganiza kuti ndizo zoyamba kutetezedwa, ndi zomwe inshuwalansi wamba ya m'nyumba imaziteteza moperewera kuposa katundu wina wambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Ina ndi inshuwalansi ya nyumba yeniyeniyo: makoma, denga, zitseko, silingi ndi mapaipi. Ina ndi ya zimene zili m'katimo, zonse zimene mungakweze pa lole tsiku losamuka. Makampani a kuno kwathu, monganso a m'maiko oyandikana nafe, yoyambayo amaitchula kuti houseowners, yachiwiriyo householders. Kusiyanaku n'kofunika kwambiri kwa munthu wochita lendi. Alandilodi akhoza kukhala ndi inshuwalansi yawo, makamaka ngati nyumbayo anamangira ngongole ya kubanki, pakuti banki imakakamiza zimenezo. Koma moto ukabuka, kampaniyo idzawabwezera alandilodi makoma ndi malata, pomwe inu ndi ana anu mudzatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Katundu wanu sanalembedwe pa chikalata chawocho.

Malonda amenewa anayambira pa moto. Pa 2 September 1666 moto unabuka m'nyumba yophikira buledi mumsewu wa Pudding Lane ku London. Unayaka masiku anayi n'kupsereza nyumba zoposa 13,000, ndipo kunalibe kampani yoti n'kulipira anthuwo. Cha m'ma 1680 dokotala wina wochita bizinesi yomanga nyumba, Nicholas Barbon, anatsegula ofesi yolandira ndalama kwa eni nyumba powalonjeza chipukutamisozi nyumbayo ikadzapsa. Poyamba nkhawa inali pa makoma ndi madenga, koma kampani ya Sun Fire Office, imene inayamba mu 1710, inkalandiranso katundu wa m'nyumba ndi wa m'masitolo. Za akuba zinachedwa kwambiri. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 pamene Cuthbert Heath, wa pamsika wa inshuwalansi wa Lloyd's, anayamba kulemba mapangano olipira munthu amene mbava zamuthyolera nyumba, kenako anayambitsanso pangano lolipira zodzikongoletsera zamtengo wapatali ngakhale zitangotayika. Mbiri imeneyi ikuonekabe m'zikalata za lero. Moto ndiwo maziko ake. Kuba kumalowa ndi malamulo akeake okhwima. Kutaya chinthu kapena kuchiphwanya mwangozi ndi gawo lina, ndipo nthawi zambiri limalipiridwa padera.

Kayendetsedwe kake si kachilendo kwa Mmalawi. Ndi nzeru yomwe ija ya thumba la maliro la kumpingo kapena la kuntchito: ambiri amasonkha pang'onopang'ono, ochepa amene tsoka lawagwera chaka chimenecho amalandira zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kumpingo chifundo chimalowererapo, munthu ngakhale anadumpha miyezi iwiri amathandizidwabe, pomwe kukampani chimene chimalankhula ndi chikalata. Ndi bizinesi, iyenera kupeza phindu, ndipo imalipira zokhazo zimene inalonjeza polemba. Amene akulowamo avomerezenso kuti zaka zambiri sadzalandira kanthu. Ena amati pamenepo ndalama yawo yangopita madzi. Siinapite madzi. Inagwira ntchito yake, pakuti chaka chonsecho ngozi ya katundu wawo inali pamutu pa wina.

Tsopano tilowe m'nyumba. Tiyerekeze banja la ana atatu lochita lendi nyumba ya zipinda zitatu ku Chirimba kapena ku Area 25. Mukawafunsa bambo kuti katundu wawo yense ndi wa ndalama zingati, adzatchula TV, filiji, mwina ndi laputopu, basi n'kuima. Koma tsegulani chitseko cha kuchipinda. Muli mabedi ndi matiresi ake, mabulangete, nsalu zoyala, maneti a udzudzu, makatani. Mu wadirobu muli masuti a bambo, zitenje za mayi zimene zina n'zosokedwa kale kwa telala, yunifolomu ya kumpingo, nsapato za kusukulu za ana atatu, zikwama, mabuku. Kukhitchini kuli kuka kapena hotipuleti, silinda ya gasi, ketulo, simbi, mapoto, ndowa, mabeseni, mbale za alendo zija zosungidwa m'kabati, matumba a chimanga. Kukhonde kuli njinga. Pa zonsezi palibe chimodzi chodula modabwitsa. Vuto n'lakuti zinagulidwa pa zaka khumi ndi zisanu, koma moto ukadutsa zimafunika zonse tsiku limodzi, pa mitengo ya lero, ndi malipiro a mwezi umodzi. Apa m'pamene banja limene linali lodzidalira limapezeka pakhomo pa wakatapila. Wakuba amasankha: foni, laputopu, TV, ndalama, golide. Moto ndi madzi sizisankha, ndipo phindu lenileni la inshuwalansi imeneyi lili pa matiresi, zofunda ndi mapoto, zinthu zimene palibe amene amaziganizira.

Munthu akalephera kuwerengera katundu wake moyenera amagwa m'mbuna imene kwa ine ndiyo yoopsa kwambiri pankhani yonseyi. Polowa inshuwalansi mumatchula nokha mtengo wa katundu wanu yense, ndipo ndalama yolipira pachaka imawerengeredwa pa mtengo umenewo. Mayesero amakhalapo otchula mtengo wotsika kuti mulipire zochepa, poganiza kuti si kawirikawiri kuti zonse ziwonongeke nthawi imodzi. Koma m'zikalata zambiri muli lamulo limene a inshuwalansi amalitchula kuti average. Tinene kuti katundu wanu ndi wa K20 miliyoni, inu munalembetsa K10 miliyoni. Moto wapsereza chipinda chimodzi, zowonongeka ndi za K6 miliyoni. Mungaganize kuti popeza 6 ndi wochepa kwa 10, mudzalandira zonse. Ayi. Kampani idzati munateteza theka la katundu wanu, theka linalo munadzisenzera nokha, ndiye idzakupatsani theka la zowonongekazo, K3 miliyoni. Lamuloli lili ndi chifukwa chake, pakuti popanda ilo aliyense akanalembetsa zochepa ndipo thumba likanauma. Koma limapweteka kwambiri munthu amene sanafotokozeredwe.

Kuno kwathu munthu akhoza kugwa m'mbuna imeneyi asananame ngakhale pang'ono. Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mafiliji, ma TV, makompyuta, ngakhale nsalu zambiri zimachokera kunja, choncho mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Amene analembetsa mtengo woona mu 2021 n'kumangolipira chaka ndi chaka osasintha nambalayo anali ndi chikalata chooneka chamoyo, koma chitetezo chake chitaphwa kale. M'dziko limene ndalama yake imagwa motere, kukonzanso mtengo wa katundu chaka chilichonse si nkhani yongofuna. Ndipo kwacha ikagwa pakati pa chaka, ndi bwino kupita kukasintha nthawi yomweyo osadikira kuti chaka chithe.

Funso lina loyenera kufunsa musanasaine ndi lakuti adzalipira mtengo uti. Ku Britain mapangano ambiri amalipira mtengo wogulira chatsopano m'malo mwa chakale, ngakhale kuti pa zovala ndi zofunda ambiri amachotsapo ya kutha kwake. Mapangano ena amalipira mtengo wa chinthucho monga chinalili tsiku limene chinawonongeka. Filiji ya zaka zisanu ndi zitatu mtengo wake wotero sungagule filiji ina. Palinso excess, ndalama yoyambirira imene mwini amadzilipirira yekha pa dandaulo lililonse. Ikakhala yaikulu, malipiro a pachaka amatsika, koma zinthu zing'onozing'ono zimakhala kuti n'zanu zomwe. Ine sindiona vuto pamenepo. Inshuwalansi si yolirira ketulo yakupsa. Ndi ya tsoka limene simungalisenze nokha.

Tifike pa zodzikongoletsera. A inshuwalansi amaziopa, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Ndi zazing'ono, zimalowa m'thumba la malaya, golide amasungunulidwa n'kusowa mbiri, ndipo n'kosavuta kuti munthu wosakhulupirika anene kuti anali ndi tcheni chimene sanakhale nacho. N'chifukwa chake chikalata chimaika malire awiri. Oyamba ndi a chinthu chimodzi. Ku Britain malire amenewa kawirikawiri amakhala £1,500 kapena £2,000, kutanthauza kuti mphete ya £5,000 imene simunaitchule payokha idzalipiridwa mpaka pa malirewo basi, ngakhale katundu yense munamulembetsa pa £50,000. Achiwiri ndi a zamtengo wapatali zonse pamodzi: mphete, mawotchi, zibangili, zithunzi zojambula pamanja. Kuti chinthu chodula chitetezedwe mokwanira chiyenera kulembedwa pachokha, ndi dzina lake, kulemera kwake ndi mtengo wake, ndipo kampani imafuna lisiti kapena kalata ya katswiri woyesa mtengo. Zikadula kwambiri imafunanso kuti zizisungidwa mu sefa pamene sizinavalidwe.

Vulani mphete yanu muyang'ane m'kati mwake pamalo owala. Ngati ndi golide weniweni, nthawi zambiri mudzaona tinambala tating'ono todindidwa. Nambala 375 ikutanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse a chitsulocho, 375 ndiwo golide, amene ogulitsa amati 9 carat. Nambala 585 ndi 14 carat, 750 ndi 18 carat, 916 ndi 22 carat, ndipo 925 ndi ya siliva. Ku Britain zidindo zoterezi zimayendera lamulo la mu 1973 ndipo zimadindidwa ndi maofesi anayi oyesa zitsulo, a ku London, Birmingham, Sheffield ndi Edinburgh. Kwina chidindo akhoza kuika ndi wopanga yemweyo, ndipo zabodza ziliponso, choncho nambala yokha si umboni wokwanira. Komabe mphete ziwiri zooneka mofanana, ina 375 ina 750, zimasiyana golide ndi theka lathunthu. Chithunzi chooneka bwino cha chidindocho, china chosonyeza mpheteyo ili pa sikelo, ndi china muli chiivalire paukwati kapena pachinkhoswe, zimathandiza kwambiri tsiku limene woyesa zowonongeka adzafunse umboni.

Mtengo wa golide nawonso sukhala pamodzi. Unadutsa $2,000 pa ounce koyamba mu August 2020, ndipo mu March 2025 unadutsa $3,000. Kwa Mmalawi kukwerako kunabwera pawiri, chifukwa golide anakwera pa dola pomwe kwacha inagwa pa dola yomweyo. Kalata ya mtengo yolembedwa zaka zisanu zapitazo lero ikunena zochepa kwambiri.

Ndiye pali nkhani ya malo. Inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba imateteza zinthu zikakhala m'nyumba. Koma mphete simatayikira m'kabati. Imavuka posamba kunyanja, imaiwalika pa sinki ya kuntchito, tcheni amachithothola pakhosi pa depoti. Kuti zoterezi zilipiridwe pamafunika gawo lowonjezera, limene kuno ndi ku South Africa limadziwika kuti all risks, ndipo ku Britain amati personal possessions. Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Ambiri a ife ndolo ndi mikanda imene tili nayo ndi yongokutidwa golide pamwamba, yokongola koma yosafunika kuilembetsa payokha. Zinthu zodula zimene timayenda nazo tsiku ndi tsiku ndi foni, laputopu ndi magalasi a maso. Ngati pali chofunika gawo lowonjezeralo m'banja wamba, ndi zimenezi, pamodzi ndi mphete yaukwati ngati ili ya golide weniweni.

Pali timalamulo tina ta zodzikongoletsera timene timadabwitsa anthu. Ndolo imodzi ikatayika, makampani ambiri amalipira imodzi yomweyo, ngakhale yotsalayo ilibenso ntchito. Mwala ukagwa pa mphete chifukwa timano tougwira tinaperepeseka ndi zaka, amati kumeneko ndi kutha kwa chinthu, si ngozi, ndipo salipira. Ku Britain makampani ambiri sapereka ndalama m'manja koma amakutumizani kwa wogulitsa amene amagwira naye ntchito kuti mukasankhe china. Ndipo palibe kampani imene ingalipire chimene chimapweteka kwenikweni. Mkanda umene agogo anasiyira mayi anu, mayi anu n'kukusiyirani inu, pa chikalata ndi magalamu angapo a chitsulo. Chinthu chotero chitetezo chake ndi kasungidwe. Apolisi a ku Britain amachenjeza mabanja ochokera ku India ndi maiko oyandikana nalo, makamaka nyengo ya chikondwerero cha Diwali, chifukwa mbava zimadziwa kuti m'nyumba zawo mumasungidwa golide wa banja. Ngakhale malo osungirako chuma si mathero a nkhani. Pa Isitala ya mu April 2015 akuba anaboola khoma la chipinda chosungiramo chuma ku Hatton Garden, msika wa zodzikongoletsera wa ku London, n'kutenga katundu wa pafupifupi £14 miliyoni. Ena mwa eni mabokosiwo analibe inshuwalansi chifukwa ankakhulupirira kuti malowo sangathyoledwe.

Gawo la chikalata limene ndimalimbikitsa aliyense kuyamba kuwerenga ndi la zimene kampani siilipira. Pa kuba, mapangano ambiri amafuna umboni wakuti wakubayo analowa mothyola: loko wophwanyidwa, zitsulo za pawindo zopindidwa, khoma lobooledwa. Tsono taganizirani mmene zinthu zimasowera m'nyumba zathu. Nyumba ya Mmalawi simakhala ya anthu awiri. Muli mphwake wa bambo amene akufuna ntchito m'tauni, mlamu amene wabwera kuchipatala, wantchito, anzawo a ana, alendo a pamwambo. Mphete ikasowa pa tebulo la kuchipinda popanda chitseko chothyoledwa, kawirikawiri kampani siilipira. Izi zimakhudzanso abale athu a ku Manchester, Leeds kapena Johannesburg amene amagawana nyumba imodzi ndi anthu ena, aliyense chipinda chake. Ngati pofunsira munanena kuti nyumba ili ndi zitsulo m'mawindo, alamu kapena mlonda, zimenezo zimasanduka lonjezo, ndipo tsiku limene akuba abwera alamu ili yozima mlandu ukhoza kukutembenukirani.

Kusiya nyumba yopanda munthu ndi msampha wina. Ku Britain mapangano ambiri amachepetsa kapena kuimitsa chitetezo cha kuba ndi cha madzi otayika m'mapaipi nyumba ikakhala yopanda anthu masiku opitirira 30, ena 60. Munthu wabwera kumudzi kudzaika maliro, miyambo yatalika, wakhala miyezi iwiri, pobwerera n'kupeza athyola. Chimodzimodzi amene ali kunja koma anamanga nyumba kuno n'kuikamo mipando, n'kuitseka kudikira tchuti cha December. Kungodziwitsa kampani musananyamuke kumatha kukonza zimenezi.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi katundu wa geni. M'matauni mwathu ndi nyumba zochepa zimene mulibe kabizinesi: makina osokera pakhonde, filiza yoikamo mafilizesi ndi nkhuku zogulitsa, belo la kaunjika kuseri kwa chitseko, chowumitsira tsitsi cha saluni, makatoni a katundu woodedwa ku Tanzania kapena ku Joni. Kwa mwini wake zonsezi ndi katundu wa m'nyumba, popeza zili m'nyumba. Kwa kampani ndi katundu wa bizinesi, ndipo pangano la m'nyumba silimukhudza pokhapokha mutagwirizana mwapadera. Choipa kwambiri n'chakuti ngati moto wayambira pa bizinesi imene simunaitchule, dandaulo lonse likhoza kukanidwa. Ndalama zosunga m'nyumba nazonso malire ake amakhala otsika zedi. Mayi amene amasunga bokosi la banki mkhonde pansi pa bedi asaganize kuti inshuwalansi ya m'nyumba idzabweza ndalama za gulu.

Za magetsi ndi zipolowe nazo n'zofunika kufunsa. Magetsi akazima n'kubwera ndi mphamvu yopitirira amapsereza filiji ndi TV, koma si pangano lililonse limene limalipira zimenezi. Ku South Africa, kuzimazima kwa magetsi kutafika poipa mu 2023, makampani ambiri anakhwimitsa malamulo a gawo limeneli. Kumenekonso zowonongeka pa zipolowe zimalipiridwa ndi kampani ya boma yotchedwa Sasria, imene inakhazikitsidwa mu 1979, ndipo kufunika kwake kunaoneka pa zipolowe za mu July 2021 ku KwaZulu-Natal ndi Gauteng. Ife amene tinaona zipolowe za pa 20 July 2011 ndi zionetsero za mu 2019 kuno kwathu tili ndi chifukwa chofunsira ngati chikalata chathu chikutchulapo zoterezi.

Sindingalembe nkhaniyi osatchula namondwe wa Freddy. Mu March 2023 madzi ndi matope otsika m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chonse cha kummwera anthu oposa 1,000 anamwalira, oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Amene anapulumuka ambiri anatsala opanda mphika, opanda chofunda. Kunena kuti akanakhala ndi inshuwalansi kungakhale kuwanyoza. Makampani amakonda nyumba za njerwa zootcha kapena mabuloko, zofolera ndi malata kapena matailosi, pa malo odziwika. Nyumba ya zidina m'mbali mwa phiri, kapena yofolera ndi udzu, amaikana kapena kuikwezera mtengo. Amene ali pangozi yaikulu ndi omwe malondawa sawafikira. Maiko ena anayesapo kutseka mpata umenewu. Ku Britain boma ndi makampani anakhazikitsa Flood Re mu 2016 kuti nyumba za m'madera osefukira madzi zipeze inshuwalansi pa mtengo wofikirika, ndipo makhonsolo ambiri kumeneko ali ndi ndondomeko yoti ochita lendi m'nyumba zawo azilipira inshuwalansi ya katundu pang'onopang'ono, pa sabata kapena pa mwezi. Kuno, kumene munthu amagula magetsi ndi kulipira madzi pa Airtel Money kapena Mpamba, sindiona chimene chingaletse makampani athu kukonza pangano laling'ono la moto ndi madzi, lolipira pamwezi, lolembedwa m'Chichewa pa tsamba limodzi. Anthu ambiri inshuwalansi amaidziwira pa galimoto, chifukwa lamulo limakakamiza, ndi pa maliro. Sikuti sakonda katundu wawo. Palibe amene anawafikira ndi chinthu cholingana ndi thumba lawo, m'chilankhulo chawo.

Anthu amadandaula kuti a inshuwalansi amamwetulira polandira ndalama koma amakwinya nkhope polipira. Dandauloli lili ndi pake, ndipo kuchedwetsa malipiro a munthu amene akugona pansi ndi nkhanza. Koma madandaulo ambiri amakanidwa pa zifukwa zimene zikanapeweka. Chachikulu ndi kusanena zoona pofunsira. Ku Britain lamulo la mu 2012 linapeputsa mtolo wa wogula: udindo wake ndi kuyankha mosamala ndi moona mafunso amene wafunsidwa. Kulikonse kumene muli, njira yotetezeka ndi kuulula zonse, kuti munaberedwapo kale, kuti mumasoka zovala pakhomo, kuti chipinda china muli wa lendi. China ndi umboni. Akuba akathyola, lipoti la kupolisi limafunika msanga, ndipo kampani iyenera kudziwitsidwa m'masiku amene chikalata chikunena. Musakonze chitseko musanachijambule, musataye zopsereza woyesa asanabwere. Musawonjezerenso katundu amene kunalibe, chifukwa bodza limodzi limagwetsa dandaulo lonse, ndi loona lomwe. Mukaona kuti mwaponderezedwa, kodandaula kulipo. Kuno makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Ku Britain kuli Financial Ombudsman Service, imene imamva madandaulo kwaulere, ndipo ku South Africa ntchito imeneyi kuyambira mu 2024 ili m'manja mwa National Financial Ombud Scheme.

Kodi tsono ndi yaphindu? Kwa banja limene ndalama yolipira inshuwalansi ingachotse ndiwo pa mbale kapena fizi ya mwana, ayi, zimenezo zitsogole, ndipo loko wabwino, waya wamagetsi woikidwa ndi wodziwa ntchito, ndi kusasiya kandulo kapena mbaula ili chiyakire pogona zidzateteza zambiri. Kwa munthu amene ali ndi chuma chokwanira kugulanso zonse mawa, ndi nkhani ya kufuna kwake. Koma pakati pa awiriwa pali mabanja ambiri a m'tauni, a malipiro a pamwezi kapena a geni yokhazikika, amene katundu wawo ndi woposa malipiro a chaka chathunthu ndipo alibe ndalama yapadera yosungira tsoka. Kwa amenewa ndikuti ndi yaphindu, malinga mtengo wolembetsa ukhale woona ndipo uzikonzedwa chaka chilichonse. Ya mphete yokha, popanda ya katundu yense, ndi yoyenera anthu ochepa kwambiri.

Musanapite ku kampani iliyonse kapena kwa broker, tengani kope ndi cholembera Loweruka lina m'mawa, muyende chipinda ndi chipinda. Tsegulani makabati ndi masutikesi, lembani chilichonse ndi mtengo wogulira china lero, jambulani ndi foni, nambala za kuseri kwa TV, filiji ndi laputopu zomwe. Mukawonkhetsa, pitani ndi nambalayo ku makampani awiri kapena atatu, ndipo aliyense akuonetseni ndi chala pa chikalata pamene palembedwa za average, za malire a chinthu chimodzi, za kuba kopanda kuthyola ndi za madzi osefukira. Zithunzizo, malisiti ndi chikalata chenichenicho musazisunge m'nyumba momwemo mokha. Zitumizeni ku imelo yanu, kapena kwa m'bale wanu wodalirika wokhala kwina.